Mpweya Wobwereka

Lolemba, 3 Juni

Andigoneka lero masana, wodi ya amuna, bedi loyandikana ndi zenera. Dokotala wagogoda pamsana panga ngati munthu wosankha chivwende pamsika, n'kunena kuti kumanja kwa chifuwa kwadzaza madzi. Mawa andijambula, atenganso magazi ndi makhololo.

Achemwali anga andisiyira bulangete, kapu, supuni ndi kabuku aka. Akuti, "Muzilemba, achimwene, mungatopetse manesi ndi mafunso anu aja."

Zaka zonsezi ndakhala ndikulemba m'nyuzipepala ya Loweruka za zinthu zimene zinapita: fungo la sitolo ya nsalu, kulira kwa sitima, masana aatali a ubwana wathu. Lero palibe chimene ndikukumbukira. Ndikungomvetsera chifuwa changa.

Lachiwiri, 4 Juni

Chithunzi chatuluka. Phapo lakumanja layera mpaka pakati ngati khoma lopakidwa laimu. Andibaya pakati pa nthiti n'kulowetsa paipi yotsikira m'botolo pansi pa bedi. Madzi ake ndi achikasu ngati mafuta ophikira, ndipo pofika madzulo atuluka pafupifupi lita imodzi. Ena awatumiza kokayeza. Jakisoni m'mawa ndi madzulo.

Kumanzere kwanga kuli bambo achikulire, owonda ngati singano. Aliyense amawatcha a Telala. Mapapo awo anauma kalekale, ndipo amapuma ndi makina a mpweya, bokosi lotuwa limene limang'ung'udza ngati firiji yakale. M'wodi muno makina amoyo ndi amenewa okha. Ena awiri ali pakona, anawafunditsa nsalu, akuti akudikira zipangizo kuyambira chaka chatha. Mayi akunyumba kwawo amagona pa katoni pansi pa bedi.

A Telala andiyang'ana nthawi yaitali, kenako akuti, "Jekete munabwera nalo lija si lanu."

"Ndi langa, bambo."

"Linali lanu. Matenda akudyerani mapewa."

Lachinayi, 6 Juni

Dzulo sindinalembe. Thupi linatentha, ndipo pomwe palowa paipi pamawawa ndikakhosomola.

Bedi loyang'anana ndi langa ndi la bambo wa m'minibasi amene onse amamutcha Kondakitala, wa shuga ndi chilonda chosapola pamwendo. Pakamwa pake pokha ndiye palibe matenda. Sisitala akamadutsa ndi ngolo ya mankhwala iye amakuwa, "Siteji, Sisitala! Pali wotsika!" Atamva ntchito yanga wandipatsa dzina: a Nyuzi. Pofika masana wodi yonse inali itaiwala dzina langa lenileni.

Paipi ya makina a a Telala yang'ambika pomwe imalowera m'kabotolo ka madzi. Sisitala anamatapo pulasitala koma imangomatuka ndi chinyezi. A Telala anauza akazi awo kuti amasule kathumba kawo. Anatulutsa kansalu kofiira ka madontho oyera, anakulunga pang'alupo mothina, n'kusoka ndi singano, kupuma kawiri pa kubaya kulikonse. Phokoso la mpweya wotayika linatha.

"Kanatsala pa diresi la mwana wathu woyamba," anandiuza mayiwo. "Panthawiyo n'kuti akuphunzira kuyenda. Bambowa sataya nsalu."

"Telala wotaya zidutswa ndi mfiti," anatero a Telala.

Loweruka, 8 Juni

Madzi achepa, theka la lita. Kachipangizo kopana chala koyeza mpweya m'magazi kakuonetsa 95 kwa ine, 89 kwa a Telala ali pa makina. Sisitala akuti kwa iwo 89 ndi chikondwerero.

Pakhoma pali wailesi yakanema imene amatiyatsira madzulo. Lero nkhani yoyamba inali ya ndondomeko yatsopano ya zaumoyo. Woulutsa, akumwetulira mano onse, wati tsopano zipatala zonse zalandira makina a mpweya ndipo palibe adzafenso chifukwa chobanika. Tonse tinatembenukira pakona, pomwe pagona makina awiri aja ngati maliro osowa abale.

"Athu anakwera basi yolakwika," anatero Kondakitala.

Nkhani yachiwiri inali ya magalimoto atsopano amene akuluakulu a zaumoyo agulira maulendo awo oyendera zipatala. Akuda, aatali, magalasi osaonetsa munthu. Anaonetsa nduna itavala suti yonyezimira, ikutsika m'imodzi mwa magalimotowo. A Telala anakweza mutu pang'ono.

"Nsalu imeneyo siidziwa fumbi," anatero, n'kugonanso.

Sindinakwiye. Ndinangomva chisoni cholemera, chonga chimene umamva ukapeza m'bale wako akunama pagulu.

Lamulungu, 9 Juni

Achemwali abwera ndi mpunga, mazira owiritsa ndi malalanje. Ndagawira a Telala lalanje. Akazi awo anawasendera n'kumawapatsa kachidutswa kamodzikamodzi, chifukwa kutafuna nako kumawathera mpweya. Anakwatirana ali ana, akuti. Mayiwo amawaitana kuti "bambo a mwana," ngakhale mwanayo tsopano ali ndi zidzukulu.

Ndinawayang'ana mpaka ndinachita manyazi. Mkazi wanga anandisendera lalanje lomaliza zaka zapitazo, m'chipatala china, iye ndiye ali pabedi. Anakana kuti ndisende ine, akuti ndimawononga.

Lachiwiri, 11 Juni

Chipatala chadzuka ngati nyumba yoyembekezera apongozi. Pazenera ndikuona anthu akupaka laimu miyala ya m'mbali mwa msewu, mpaka mitengo yomwe aipaka kufika m'chiuno. Lole yatsitsa tenti, mipando yovekedwa nsalu zoyera, maluwa a m'miphika ndi kapeti yofiira yokulungidwa. Akuti Lachisanu nduna ikubwera kudzatsegula wodi yatsopano, ija ya zitseko zagalasi kumapeto kwa khonde. Ndi yolipira. Mulibe wodwala ngakhale mmodzi.

Masana ano mankhwala opha ululu atha. Sisitala wandilembera kuti achemwali akagule kunja.

Ndakumbuka mayi anga. Kukamabwera alendo ankanditumiza kwa aneba kukabwereka makapu agalasi, kuti tisaoneke osauka. Alendo akachoka ankawatsuka, n'kuwabweza dzuwa lisanalowe, ndi kashuga pang'ono m'kati mothokoza. Choncho kubwereka pobisa umphawi sindikudabwa nako, tonse tinakulira momwemo.

Lachitatu, 12 Juni

Koma mayi anga sanabwerekepo kapu ili pakamwa pa munthu.

M'mawa uno kwabwera a Bwana a ku ofesi, mkulu woyendetsa chipatala, fungo la mafuta onunkhira litatsogola. Anaima pakati pa bedi langa ndi la a Telala n'kuyankhula ndi Sisitala ngati ife ndife mipando. Akuti makina atsopano akadali m'njira, ndiye Lachisanu abwereka awa kuti akaime m'wodi yatsopano pojambula. Maola awiri okha.

"Bwana, bambo awa akachoka pa mpweya amatsika mpaka m'ma 70," anatero Sisitala.

"Tiwapatsa silinda ya mpweya."

"Silinda yomwe ilipo ndi yaing'ono, ndipo si yodzaza."

"Maola awiri, Sisitala. Kapena mukufuna mukafotokoze nokha kwa a nduna?"

Kenako anatembenukira kwa ine, nkhope itasintha ngati wayatsa nyali. Akuti amawerenga zolemba zanga, mayi awo amazikonda kwambiri. Akufuna wodwala wodziwa kuyankhula, wooneka kuti akuchira, akagone pabedi latsopano ndi makinawo atolankhani akamajambula. Ndinakana. Anati ndiganizire.

Atatuluka, Kondakitala analavula m'kachitini kake. "A Nyuzi, mukapita kumeneko ndiye kuti ndinu nyuzi yokulungira nsomba."

Koma a Telala anandikodola ndi chala. Ndinasendera ndi botolo langa.

"Makinawa atenga, mufune musafune," anatero, mawu akuduka. "Mukakana inu, agonekapo mlonda, amuveke bulangete. Pitani. Mukanene. Ife pakamwa tili napo, koma mpweya wonenera tilibe."

"Bambo, nanga inu?"

"Maola awiri ndipirira. Ndinapirirapo makasitomala a ukwati." Anaseka, kusekako kunasanduka chifuwa. Chitatha anati, "Mayi, tengani jekete la a Nyuzi. Sangakatiyankhulire atavala ngati choopsezera mbalame m'munda."

Lachinayi, 13 Juni

Tsiku lonse a Telala akhala akuchepetsa jekete langa. Anandiyeza ndi maso okha. Amasoka pang'ono, manja n'kugwa pa bulangete, mayi n'kuwagwirira nsalu mpaka mphamvu zibwerere. Ndinawapempha kuti asiye. Anati ndikhale chete, kasitomala salamula telala.

Ndakonza m'mutu zimene ndikanene. Makina ndi amodzi. Awiri anafa. Mankhwala opha ululu kulibe. Mtengo wa tenti ndi maluwa ukanadzutsa makina aja pakona.

Madzi m'botolo angotsala pang'ono. Zotsatira sizinabwere.

Lachisanu, 14 Juni

Ndilemba zonse.

Anabwera m'mawa kudzazimitsa makina. Wodi inakhala zii, ndipo ndi pamene ndinazindikira kuti masiku onsewa takhala tikugona ndi kudzuka ndi phokoso lake. A Telala anawalumikiza ku silinda. Ine anandikweza panjinga ya odwala, nditavala jekete, botolo langa lili pamiyendo.

Wodi yatsopano imanunkha penti. Mabedi ake akadali ndi mapulasitiki. Anandigoneka, anabisa botolo kuseri kwa bulangete latsopano, anapukuta makina aja mpaka anawala, n'kundiika timapaipi m'mphuno. Ine amene ndimapuma ndekha bwinobwino. Mpweya wake unali wozizira, ndipo ndinaumva ngati ndikudya chakudya cha mwana.

Nduna inachedwa. Maola awiri aja anatha tikudikira. Kunja kwaya inkaimba, kuima, kuyambiranso.

Nduna itafika ndi gulu lake, anadzaza chipinda, masuti okhaokha ndi mafuta onunkhira. Nduna inandigwira dzanja ikuyang'ana kamera. Mtolankhani, mtsikana wa nkhope yofatsa, anandilozetsa chimkuzamawu. "Bambo, mukumva bwanji ndi chithandizo chimenechi?"

Apa ndi pamene ndinalakwa. Ndinaleredwa kuti pamaso pa akuluakulu suyamba ndi dandaulo. Umayamba wathokoza, kenako n'kunena chakukhosi. Bambo anga ankatero ngakhale kwa munthu amene wawabera mbuzi. Pakamwa panga panatseguka mwa chizolowezi chimenecho.

"Choyamba ndithokoze akuluakulu chifukwa chotiyendera," ndinatero. "Makina amenewa ndi moyo. Popanda iwo munthu sapuma."

Kenako ndinati "koma," ndipo ndinanena zonse. Kuti makinawa si atsopano. Kuti mwini wake ali kumapeto kwa khonde pa silinda yosadzaza. Kuti kansalu kofiira aka anasoka yekha. Mtolankhani anagwetsa maso pansi. Nduna n'kuti itafika kale pakhomo, ikuseka ndi a Bwana a ku ofesi.

Anandibweza mwachangu. Ndinamva kumbuyo kwanga chitseko chagalasi chikutsekedwa ndi kiyi, koma ndinaganiza kuti makina akubwera pambuyo panga. Sanabwere. Gulu lonse linakwera magalimoto kupita ku hotela kukadya phwando lotsegulira, ndipo kiyi anapita m'thumba la a Bwana.

Silinda inatha dzuwa litapendeka. Sisitala anaimba foni ya a Bwana mobwerezabwereza, osayankhidwa. Anathamangira ku wodi ya ana, anapeza makina a kumeneko ali ndi makanda awiri. Anabwerako manja ali m'mutu. Kachipangizo kanaonetsa 81, kenako 76. Milomo ya a Telala inada. Akazi awo anang'amba katoni yawo yogonera n'kumawakupiza nayo, akunena motsitsa, "Pumani, bambo a mwana, pumani."

Kondakitala anatsika pabedi ndi ndodo yake. "Galasi ndi galasi basi! Ndikaswa ine, andimange ndi mwendo wowolawu!" Anakafika mpaka pachitseko. Alonda awiri anamubweza atamunyamula m'khwapa, akutukwana mitundu yawo yonse.

Madzulo wina anayatsa kanema. Nkhani yoyamba inali ife. Kapeti, maluwa, lumo likudula riboni. Kenako nkhope yanga, timapaipi m'mphuno, ndi mawu anga: "Ndithokoze akuluakulu. Makina amenewa ndi moyo. Popanda iwo munthu sapuma." Basi. Woulutsa anati odwala ayamikira makina atsopano. Kamera inayandikira makinawo, ndipo dziko lonse linaona kansalu kofiira ka madontho oyera, osadziwa chimene likuona. Anamaliza ndi ku hotela: matebulo aatali, mabotolo m'zidebe za madzi oundana, ndi keke yaikulu youmbidwa ngati chipatala, nduna ikuidula padenga.

Kondakitala anatsika pabedi n'kukazimitsa kanema.

A Telala anali atatsegula maso. Anandikodola. Ndinaika khutu pakamwa pawo.

"Jekete," anatero, "lakhala bwino."

Loweruka, 15 Juni

Makina abwera m'mawa, wantchito akuwakankha, kachidutswa ka riboni kakadali pachogwirira. A Bwana sanaoneke. Sisitala walumikiza. 84, osakweranso. A Telala sakudzuka bwinobwino.

Achemwali abwera akusangalala. Akuti mzere wonse wa nyumba kwathu unandiona, foni yawo sinapume. Ndawauza kuti anyamule jekete apite nalo. Ndasinthanso maganizo, ndalibweza pamsomali.

Lamulungu, 16 Juni

A Telala atisiya masana, nthawi ya alendo, wodi itadzaza anthu ndi fungo la zakudya. Akazi awo sanakuwe. Anachotsa okha timapaipi m'mphuno mwawo, n'kuwapukuta kumaso ndi mpango.

Kondakitala watembenukira kukhoma.

Lachiwiri, 18 Juni

Zotsatira zabwera: chifuwa chachikulu, cha m'chikuta cha phapo. Mapiritsi anayi m'mawa uliwonse ndisanadye, kwa miyezi isanu ndi umodzi. Akuti mkodzo udzafiira, ndisadzaope. Paipi aichotsa, asoka ndi ulusi wakuda. Kusoka kwake a Telala akanakudandaula.

Ndinafunsa dokotala ngati a Telala akanakhala moyo makina akanapanda kuchoka. Akuti mtima wawo unali utatopa kale, mwina mwezi, mwina iwiri. "Koma usiku umene uja sunawathandize," anatero, akuyang'ana faelo.

Mwezi umodzi. Malalanje angati amenewo?

Lachitatu, 19 Juni

Mkonzi wa nyuzipepala yathu waimba. Anandiona pakanema. Akufuna nkhani ya Loweruka yokhudza masiku anga m'wodi yatsopano, yofatsa, yokhudza mtima, "monga mumalembera muja." Akuti unduna wa zaumoyo wagula tsamba lonse loyang'anana nayo kuti uikepo uthenga wake. Ndamuuza kuti ndamva.

Mtolankhani uja naye wanditumizira mawu kudzera kwa Sisitala: "Muwauze bambo aja kuti wodula si ine." Ndikumukhulupirira. Wokhoma chitseko naye si amene anatenga kiyi. Wotenga kiyi si amene anaitanitsa keke. Aliyense anangogwira kachidutswa kake, ndipo palibe amene manja ake akununkha.

Sindidana ndi chikondwerero. Ndalemba zaka zambiri kuyamikira maukwati, nsalu zatsopano, nyimbo. Munthu wosauka naye amafuna tsiku lovala bwino. Koma phwando limene ndinakulira ine linkayamba odwala ndi okalamba atapatsidwa kaye mbale zawo.

Lachisanu, 21 Juni

Mawa ndituluka. Ndikulemera pang'ono kuposa tsiku lobwera.

Masana kwabwera mayi a kwa a Telala, atavala zakuda, maliro ataikidwa. Anapereka moni bedi ndi bedi. Pabedi la amuna awo pagona bambo wina, wa chibayo, ali pa makina omwe aja. Mayiwo anaima n'kumayang'ana kansalu kofiira.

"Sisitala, ndimati nditenge kansaluko. Ndi komaliza kusoka iwo pa zinthu za m'nyumba mwathu."

Sisitala anagwira paipi, anayang'ana wodwalayo. "Mayi, ndikachotsa, mpweya uyamba kutayika."

Mayiwo anakasisita ndi chala. "Kasiyeni. Kakugwira ntchito."

Kenako anakhala pampando wa pafupi ndi ine, manja ali pamaondo.

"Achimwene, kuja munanena, eti?"

"Ndinanena, mayi. Zonse. Anadula."

"Ine ndikukhulupirira, bambo a mwana anati munena. Koma kumudzi anaonera kanema. Pamaliro alamu anga anaimirira pamaso pa anthu. Akuti m'bale wathu angafe bwanji ndi kubanika pomwe boma laika makina atsopano, tinaona tokha, wodwala wa jekete akuthokoza? Akuti ndiye kuti mkaziyu anawasiya okha, ankangoyendayenda m'tauni. Mwana wanga yemwe sakundiyang'ana kumaso."

Kondakitala anatukwana motsitsa. Ine ndinasowa poyang'ana.

"Sindinabwere kudzakudzudzulani," anatero. "Ine kulemba sindidziwa. Alamu angawo amawerenga nyuzi ya Loweruka. Mulembe kuti ndinalipo. Kuti ndinawakupiza ndi katoni. Zina za akuluakuluzo mudziwa ndinu."

Ndinalonjeza. Ndinawauzanso zoona, kuti mwina mkonzi akana, ndipo akakana ndidzapita nayo kwina, kukakanikanso ndidzabwera kwawo ndi jekete lomweli kudzawerenga pamaso pa alamu awo.

Ataimirira anayang'ana jekete pamsomali, analitembenuza m'kati monga ankachitira amuna awo.

"Ulusi uwu ndi wongogwirizira," anatero. "Ankati adzamaliza mukabwerako. Mukapeze telala asoke bwinobwino."

Sindikampeza. Ndilivala choncho mpaka lidzamasuke lokha.

Apita. Makina akung'ung'udza pambali panga. Ndapempha Sisitala mapepala, ndipo Kondakitala wandibwereka kathabwa kake koikira mbale kuti nditsamizirepo. Akuti, "Lembani, a Nyuzi, koma mukayambanso ndi mwambo wanu uja ndikulandani."

Mayi anga andikhululukire kumene aliko. Ulendo uno sindiyamba ndi kuthokoza.